Zikomo Amisiri a ku Mwanza, Eni Ake a Mizere ya m'Zithunzi Zanga

Kwa inu amisiri a m'boma la Mwanza: omanga nyumba, oumba njerwa, oluka nkhokwe, ofolera madenga, owotcherera zitsulo, ndi inu amayi ozira makonde.

Nonse a kwa Kanduku, kwa Nthache, kwa Govati, ndi inu a pa boma pomwe.

Kalatayi ndailemba poyera chifukwa ngongole imene ndili nayo kwa inu ndi yoonekera poyera. Anthu akaona zithunzi zanga amatama ine, amati ndili ndi diso. Diso ndili nalo, sindikana. Koma diso silipala nsungwi, siliponda dothi, silikoka chingwe pa maziko dzuwa lili paliwombo. Mzere uliwonse umene uli m'zithunzizo unayamba wadutsa m'manja mwa mmodzi wa inu. Ine ndimabwera ntchito itatha kale, thukuta litauma, n'kudina kabatani. Kenaka pansi pa chithunzi pamalembedwa dzina langa, lanu osaoneka. Maina anu sinditchula muno, chifukwa sindinakupempheni ndipo ena mwa inu simukonda kutchulidwa pagulu, koma aliyense adzizindikira yekha akafika pa ndime yake.

Ambiri mumandidziwa nkhope. Ndine uja mumamupeza atagona chagada pansi pa thanki ya madzi, kapena atanyonyomala pakona ya golosale kudikira kuti mthunzi usunthe. Ufa wa kunyumba kwanga umachokera ku maukwati, ku zinkhoswe ndi ku tizithunzi ta pasipoti. Zojambula makoma ndi madenga n'zapambali, ndipo sizinandilemeretse. Komabe n'zimene zimandidzutsa m'mamawa popanda wondituma.

Chithunzi cha nyumba chimene tonse tinazolowera ndi chija wojambula amaima patali, nyumba yonse n'kulowa kuyambira pa maziko mpaka pa malata, mwini wake ataima pakhomo atapisa dzanja m'thumba, njinga yamoto ili pambali. Chimenechi sindichinyoza ayi. Kuno kwathu, kumene mabasi a ku Joni amatulukira tsiku ndi tsiku polowera ku Zóbuè, ntchito yake timaidziwa. Mnyamata ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town watumiza ndalama za simenti ndi malata, ndiye akufuna aone pa WhatsApp ngati khoma lafikadi pawindo monga akumuuzira achimwene ake. Chithunzi choterocho ndi umboni, ndipo chathetsa milandu yambiri pachibale isanafike kwa mfumu.

Changa chimalondola zina. Ine ndimafuna kuona mmene dzanja linayendera. N'chifukwa chake ndimatenga kachigawo chabe: nsonga ya denga yobaya thambo, mithunzi ya nsanamira itagona pakhonde motsatana, mabowo a mpweya pamwamba pa windo, msoko wa matope pakati pa njerwa ziwiri. Zina zonse ndimazisiya kunja. Munthu akachiona amayamba wafunsa kuti, "Kodi chimenechi n'chiyani?" Pamene akufunsapo m'pamene wayamba kuyang'anitsitsa chinthu chimene wakhala akuchilambalala chibadwire chake. Akazindikira kuti ndi khonde la golosale imene amagulako sopo, amaseka, ndipo mawa lake akamadutsa amaponyako maso.

Ndiyambe ndi inu agogo a cha ku Thambani, amene munandilola kulowa m'nkhokwe yanu yatsopano chimanga chisanathiridwe. Munandiyang'ana nthawi yaitali musanavomere, kenaka munati, "Lowani, koma mukathyola nsungwi mulipira nkhuku." Kunja dzuwa linali litakwera. M'kati munali kamdima, ndipo kuwala kunkalowera m'timipata ta zolukazo n'kumagwera pa malaya anga timadontho timadontho, tofanana kukula, totsatana mizere yozungulira. Nditayang'ana kumwamba ndinaona mapaso onse akuthamangira pa nsonga imodzi, timitengo topingasa titawazinga m'mikombero yocheperachepera, luzi litamangidwa mfundo pamphambano iliyonse. Ndinaika foni pansi pakatikati, lenzi itayang'ana kumwamba, ine n'kudzipanikiza m'mbali kuti ndisalowemo. Chithunzi chimenecho ndi chimene anthu amachikonda koposa zonse, ndipo ophunzira kwambiri ndi amene amachedwa kuzindikira kuti ndi nkhokwe.

Zimene munandiphunzitsa tsiku limenelo si za kamera. Munandionetsa kuti nsungwi yanthete siilowa pa nkhokwe chifukwa imafumbwa msanga. Munandionetsa kuti nsungwi ikadutsa kutsogolo kwa choimirira ichi, inzake yapamwamba iyenera kudutsa kumbuyo, ndipo wolukayo akaphonya kamodzi kokha, cholakwacho chimakwera naye mpaka pamwamba. Munati nkhokwe imakwezedwa pa miyala ndi mitanda kuti chinyontho ndi chiswe zisaipeze. Mulibe tepi, mulibe pensulo, koma mkombero wanu ndinauyeza pa kompyuta ndipo sunaphotchoke. Denga munalimangira pansi, ndipo polikweza munaitana adzukulu ndi apongozi omwe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mwambiwu ndinali nditaumva pa misonkhano ya chitukuko kosawerengeka, koma kuona denga lenileni likuyenda pamitu ya anthu chinali china.

Nkhokwe zikutha, agogo, inunso mukudziwa. Akuba ndi anankafumbwe achititsa kuti anthu azitonola chimanga, kuthira mankhwala, n'kusunga matumba kuchipinda kumene akugona. Palibe amene angawadzudzule. Koma luso loluka chinthu chachikulu chotere likupita limodzi ndi nkhokwezo, ndipo anyamata amene anakuthandizani kukweza denga aja maso awo ali pa njinga za kabaza. Zikomo pondilola kulowa nthawi ikadalipo.

Inu amayi ozira, mwandiphunzitsa nthawi. Pakhonde pozira bwino, munthu akayang'ana masana amangoona pansi posalala basi. Koma dzuwa likangotuluka kumene, kuwala kukubwera chopingasa, pamaoneka timizere topindika timene dzanja lanu linasiya, chigawo cha mkombero pamwamba pa chinzake, kubwerera m'mbuyo mpaka pamene munathera mutagwada. Kukula kwa mkombero uliwonse ndi kutalika kwa mkono wanu, moti khonde la mayi wamtali silifanana ndi la wamfupi. M'munsi mwa khoma mumadutsitsa lamba wa dothi lakuda, pamwamba lofiira kapena loyera, malire ake owongoka popanda chingwe. Mayi wina cha kwa Nthache atandipeza nditagona chafufumimba pakhonde pake mbandakucha, anangoti, "Bambo, mwataya singano?" Nditamuonetsa chithunzicho anakhala chete, kenaka anaitana mnzake wa nyumba yoyandikana kuti adzaone kuti kuzira kwake n'kwa mtundu wanji.

Za dzuwazi inu omanga mumazidziwa kale, ngakhale simuzilemba. Mwanza ili pafupifupi madigiri 15 ndi theka kummwera kwa mzere wogawa dziko pakati. Choncho kumayambiriro kwa Novembala, ndiponso kumayambiriro kwa Febuluwale, dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni, mthunzi wa nsanamira n'kubisala pansi pa nsanamirayo. Masiku amenewo khoma limaoneka lopanda moyo, koma denga likatulukira kunja pang'ono limagwetsa mthunzi wautali wotsika ndi khomalo. Mu Juni dzuwa limadzera chakumpoto, moti ngakhale masana enieni nsanamira ya mamita 2 imagoneka mthunzi wopitirira mita ndi theka chakummwera, ndipo khoma loyang'ana kummwera limakhala mu mthunzi tsiku lonse. Imeneyi ndiyo nyengo imene ndimayenda kwambiri, nthawi imeneyonso manachesi atadzaza m'mbali mwa msewu. Amayi ogulitsa manachesi nawonso ndi omanga, tisawaiwale. Mulu uja suima wokha, apansi amasankhidwa ndi apamwamba amasankhidwa, ndipo galimoto yaikulu ikadutsa sugumuka.

Tsopano ndifike kwa inu bambo amene munandikalipira, chifukwa zikomo wamkulu ndi wanu. Munali mutangomaliza kumanga sitolo yosanja, ndipo ine ndinaijambula nditaima patsinde pa khoma, foni itapenya kumwamba. Nditakuonetsani, nkhope inasintha. "Achimwene, khoma ili ndamanga ndine. Levulo ndimaika mzere uliwonse. Nanga pafoni panupo bwanji likupendama? Mukufuna anthu aziti ndimamanga nditamwa?" Anyamata anu anasiya kukandira matope n'kubwera kudzaona. Wina anaseka, inu n'kumuyang'ana, kuseka kuja n'kuthera m'khosi.

Munali ndi mfundo. Kamera ikangopendekera kumwamba, mizere yonse yoimirira imayamba kuyandikirana kumtunda, chifukwa pamwamba pa khoma pali kutali ndi lenzi kuposa patsinde, ndipo chakutali chimaoneka chaching'ono. N'zomwe zimachitikanso ndi njanji ziwiri ukaziyang'ana zikupita kutali. Maso athu amaona chimodzimodzi, koma ubongo umawongola wokha poti ukudziwa kuti khoma ndi lowongoka. Chithunzi sichiwongola kanthu. Lenzi ya mafoni atsopano ija yolowetsa malo aakulu, yolembedwa 0.5, ndiye imawonjeza kupendamako kwambiri. Wofuna kuti khoma lituluke lowongoka abwerere m'mbuyo, agwire foni choimirira osaipendeketsa, ayatse timizere ta pa sikirini kuti tigwirizane ndi ngodya za nyumba, ndipo ngati pansi palowa pambiri adzadule pambuyo. Ndinakujambulirani chotero, munachilandira, ndipo ndinamva kuti mumachionetsa kwa ofuna kukupatsani ntchito.

Koma chopendama chija simunandiuze kuti ndichifufute. Munachiyang'ananso n'kunena kuti misoko ya njerwa ikuoneka bwino kuposa pa chowongoka chija, yonse yofanana kunenepa, ikuthamanga limodzi osaphonyana. Pamenepo m'pamene tinamvana. Chithunzi chopendeketsa mwadala sichimunamizira mmisiri. Mzere ukakhala wokhota, kuujambula chapafupi ndi chopingasa kumauulula msanga kuposa kuujambula uli patali. Mmisiri wa ntchito yothamanga ndiye ayenera kuopa kamera yanga, osati inu. Musanandilole kupita munandionetsa mmene mumapezera ngodya pa maziko popanda sikweya: masentimita 60 mbali ino, 80 mbali inayo, ndipo chingwe cholumikiza nsonga ziwirizo chikakwana 100 ndiye kuti ngodya yakhala. Kusukulu tinaziloweza pansi pa dzina la Pythagoras n'kuziiwala mayeso atatha. Inu mumadyera pomwepo.

Ena amati kajambulidwe kameneka n'kachizungu. Mbali ina akunena zoona, chifukwa amene anakatchukitsa ndi a kunja. Ku Russia, m'zaka za m'ma 1920, Alexander Rodchenko ankadandaula kuti ojambula onse amagwira kamera pamchombo n'kumaona dziko kuchokera pamenepo. Iye ankakwera pamwamba pa nyumba zosanja za ku Moscow n'kujambula choyang'ana pansi, kapena kuima patsinde n'kujambula makwerero achitsulo akulowa kumwamba. Mu 1929 anajambula nsanja ya wailesi ya Shukhov ali m'kati mwake, zitsulo zokhazokha. Ku France, Lucien Hervé anajambula zithunzi 650 tsiku limodzi mu 1949 pa nyumba yaikulu imene Le Corbusier ankamanga ku Marseille, ndipo kuchokera pomwepo anakhala wojambula wa mmisiriyo mpaka imfa ya Le Corbusier mu 1965. Hervé ankadula zithunzi zake ndi sizasi, kuchotsa chilichonse mpaka patatsala kuwala, mthunzi ndi ngodya.

Koma kukonda mizere ndi mikombero sitinakuphunzire kwa iwo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zakale kwambiri mwa izo, zofiira zija amati anajambula ndi Akafula, zambiri si nyama kapena anthu ayi, ndi mikombero, mizere yotsatana, timadontho ndi tizigawo topingasana. Yang'ananinso pa lichero, pa mkeka, pa mphika wa mowa, ndi pamutu pa mwana wamkazi amene wangolukidwa kumene. Kamera ndiyo yabwera mochedwa.

Kwa inu oumba njerwa, ndinu amene mumandipatsa zithunzi zambiri popanda kudziwa. Njerwa zikangotuluka m'chikombole mumazindanda pabwalo mizere mizere, iliyonse ndi kamthunzi kake. Zikayamba kuuma mumaziimika chammbali, kenaka n'kuzisanja mopingasana kuti mphepo izidutsa. Uvuni usanamatidwe, makomo ake a moto amakhala atandondozana m'munsi, ndipo ukagwada pa khomo limodzi umaona kuwala kwa mbali inayo kumapeto kwa kanjira kamdima. Zonsezi zimakhalapo masiku ochepa. Moto ukazima mumaphwasula, ngolo n'kubwera, pamalopo n'kutsala phulusa ndi dzenje.

Ndikakhala pa uvuni ndimakumbukira tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mabuku onse amatchula David Clement Scott, m'busa wa ku Scotland amene sanaphunzirepo za zomangamanga koma anatsogolera ntchitoyo. N'zoyenera kumutchula. Koma njerwa zija, zina zopindika, zina zosemedwa, anaumba ndi kuotcha ndi anthu a konkuno, n'kuzikweza okha mpaka pa nsanja. Alendo amabwera kudzajambula zipilala ndi makoma ake tsiku lililonse, ndipo ndi ochepa amene amafunsa kuti manjawo anali a yani. Patha zaka zoposa 130 ndipo chizolowezicho sichinasinthe. Pa mwala wotsegulira nyumba pamalembedwa amene anadula riboni.

Sindingakutameni n'kubisa za nkhuni. Uvuni umadya mitengo, ndipo aliyense woyenda mu msewu wa M6 kuchokera pa Zalewa amaona yekha matumba a makala m'mbali ndi mapiri amene akuyera. Kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga saloleza njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za makampani, n'chifukwa chake sukulu ndi zipatala zatsopano zikumangidwa ndi mabuloko a simenti. Kunena zoona, buloko ndi losasangalatsa kulijambula likakhala pakhoma, lotuwa, lofanana ndi linzake. Koma likakhala pa mulu, mabowo ake atayang'ana dzuwa la madzulo, limabweza ngongole. Ndaona ena mwa inu mutasiya chikombole chathabwa n'kugwira chachitsulo, ndipo dzanja ndi lomwe lija.

Owotcherera a pa boma, inu ndikuthokozani mwachidule poti ndinu otanganidwa. Zitsulo za m'mawindo anazipangira akuba, koma inu simunalole kuti zikhale mizere yoimirira chabe. Wina amapinda duwa, wina dzuwa lotuluka, wina makona anayi olowana. Cha m'ma 4 koloko madzulo zonsezi zimagwera pansi pa simenti ya m'nyumba zitatalika, ndipo ndi mthunziwo umene ndimajambula, osati windo. Ndikhoza kuyenda m'misika ya m'boma lino n'kuloza kuti geti ili ndi ilo anapanga ndi munthu mmodzi.

Zaka zapitazi Mwanza yalandira zomanga zikuluzikulu zimene agogo athu sanazione. Njanji ya makilomita pafupifupi 136 yochokera ku Kachaso m'boma la Chikwawa kukafika ku Nkaya m'boma la Balaka inadutsa kwathu kuno ndi ku Neno. Inamangidwa ndi Mota-Engil, kampani ya ku Portugal, pa ndalama za Vale ya ku Brazil, kuti malasha a ku Moatize azikafika ku doko la Nacala. Dera lathu ndi la zitunda ndi zigwa, ndipo sitima yolemera siikwera phiri mwachisawawa, choncho anadula zitunda, kukwirira zigwa, n'kuimika milatho ndi makalavati. Ukaima chapatali m'chigwa, zipilala za mlatho zimadula thambo m'zigawo zofanana, ndipo sitima ya mabogi oposa 100 ikamadutsa pamwamba imakhala mzere wakuda umodzi wosadukiza. Ukayandikira chipilala, pa konkire pamaoneka zipsera za matabwa amene anaumbira, ndipo matabwawo anakhoma ndi akalipentala. Ambiri mwa amene ananyamula miyala, kupinda zitsulo ndi kuthira konkire anali anyamata a m'midzi yomwe ino. Ntchito itatha makampani anapita, inu munabwerera ku makasu ndi ku maganyu a zomanga, ena muli ndi luso limene simunali nalo kale. Zikomo kwa inunso.

Kenaka kunabwera nsanja zachitsulo za mzere wa magetsi wochokera ku Matambo, ku Tete, kupita ku Phombeya m'boma la Balaka, mtunda wa makilomita 218, mwa amenewa 76 ali m'Malawi muno. Ukaziona uli patali ndi mizere yoguba pa zitunda. Koma ukayang'ana m'mwamba uli chapafupi ndi miyendo yake inayi, zitsulo zimaoneka zitalukana ngati pansi pa dengu, zigawo za ngodya zitatu zikucheperachepera mpaka kunsonga. Chifukwa chake n'chodziwika kwa kalipentala aliyense: chimango cha ngodya zinayi chimatha kupendama ukachikankha, cha ngodya zitatu sichisuntha, n'chifukwa chake pa chitseko cha matabwa mumakhomapo thabwa lopingasa. Rodchenko akanafika kwa Kanduku sakanafuna kubwerera msanga.

Pano ndithokoze alonda ndi mafumu. Zitsulo za nsanja ndi za njanji zimabedwa, choncho munthu wozungulirazungulira pamenepo ndi foni m'manja amakayikitsa, ndipo n'zomveka. Ine ndimayamba ndafika kwa a mfumu, kupereka moni, kufotokoza chimene ndadzera. Ambiri amadabwa koma amandipatsa mnyamata wondiperekeza. Kwa achinyamata amene mwayamba kunditsanzira ndi mafoni anu, nsanja sakwera, pa njanji saima, ndipo pa chipata cha Mwanza, ngakhale nyumba zake zatsopano zikukopa maso bwanji, satulutsa kamera popanda chilolezo cha eni ofesi.

Pali china chimene ndiyenera kunena pamaso panu, chifukwa kajambulidwe kameneka kali ndi msampha wake. Ukachotsa anthu, ukachotsa dzina la malo, n'kusiya mizere yokha, chilichonse chikhoza kukongola, ngakhale umphawi. Rodchenko yemwe uja anzake anamudzudzula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 kuti akusamala maonekedwe kuposa anthu, mpaka anamuchotsa m'gulu lawo la ojambula. Omudzudzulawo anali ndi zolinga zawo za ndale, koma funsolo silinafe. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, Mwanza inali m'gulu la maboma amene boma linalengeza kuti muli ngozi yadzidzidzi. Makoma a zidina ananyowa kuchokera pansi n'kukhala pansi, ena n'kung'ambika kuchokera pawindo mpaka padenga. Mng'alu wotero, dzuwa likaumenya chammbali, umatulutsa chithunzi chimene anthu a m'tauni angachipachike pabalaza. Koma kuseri kwa khomalo kuli banja limene likugona ndi diso limodzi. Zoterozo ndikazijambula ndimaimirira bwinobwino, nyumba yonse ilowe, mwini wake avomere, ndipo chithunzicho chipite kumene chingabweretse thandizo.

Chimodzimodzi ku Thambani, pa chipilala chokumbukira Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, amene anaphedwa pa 18 Meyi 1983 boma la nthawiyo n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Nkhani ya anthu anayiwa inakhala yopindidwa kwa zaka zoposa khumi, mpaka kafukufuku amene anachitika ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994. Pamalo potero sindisewera ndi ngodya. Ndimaima kutsogolo, foni yowongoka.

Pa zimenezi mphunzitsi wanga ndi David Goldblatt wa ku South Africa, amene mu 1998 anatulutsa buku la zithunzi za matchalitchi, nyumba, zisakasa ndi zipilala za m'dziko lake, lotchedwa South Africa: The Structure of Things Then. Pansi pa chithunzi chilichonse ankalemba malo, tsiku, ndi nkhani ya chomangidwacho, kuti woona asangoti "n'chokongola" n'kutembenuza tsamba. Inenso zithunzi zimene ndikutsuka tsopano ndikumalemba dera, mwezi ndi mtundu wa ntchito, ndipo mmisiri akavomera, dzina lake likumakhala patsogolo pa langa. Chithunzi chikagulidwa, gawo lake limufike. Ndalama zake n'zochepa, za sopo ndi mchere, koma ndi zake.

Pempho langa kwa a khonsolo ndi aphunzitsi a sukulu za m'boma lino ndi laling'ono. Ana amaphunzira za ngodya ndi mikombero pa bolodi, pamene kunja kwa kalasi lomwelo kuli denga, thanki ndi khola la nkhunda. Atulutseni tsiku lina, muitane mmisiri wa m'mudzimo abwere ndi chingwe chake ndi levulo yake, ayeze nawo ngodya ya kalasi lawo. Foni imodzi ya aphunzitsi ikwanira kujambula zimene apeze.

Kwa inu agogo a ku Thambani, mayi a kwa Nthache, ndi bambo a sitolo yosanja, zithunzi zanu ndatsukitsa zazikulu ndipo ndibwera nazo ndekha anthu akamaliza kukolola. Chanu bambo ndatsukitsa ziwiri, chowongoka ndi chopendama, mukasankhe nokha chopachika. Ndipo ngati alipo kwa Govati kapena kwina kulikonse amene akuganiza zoluka nkhokwe chaka chino, atumize uthenga kudzera kwa ojambula a pa boma, onse amandidziwa. Ndikufuna ndidzafike nsungwi zisanadulidwe, ndidzaone ntchito kuyambira pachiyambi, ndipo nkhuku ya agogo ija ndibwera nayo ngakhale sindinathyole kanthu.

Ndine wanu,
Wojambula zithunzi wa pa Mwanza boma